Dziko Limene Gawa Anagawa: Mbiri ya Nkhalango, Nyama ndi Mvula Pakati pa Acewa

Caka ndi caka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa August, mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique amasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mlendo amene wabwera koyamba amaona mphatso, zobvala ndi magule, ndipo angaganize kuti mwambo wonse wathera pomwepo. Koma akulu amadziwa kuti mfumu ikafika pamaso pa Gawa imabweranso ndi mau. Imafotokoza za anthu ake, za matenda, za milandu, za mvula ndi za nkhokwe. Ngakhale maina a Mfumu yathu amanena za udindo umenewu: Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa dziko, ndipo Undi ndiye wofungatira anthu ake.

Ine ndinagwira nchito ya boma zaka zoposa 30 m'maofesi a cigawo cino ca kum'mawa, ndipo tsopano ndinapuma. M'zaka zimenezo ndinaona mitsinje imene ndinasambamo ndiri mwana ikusanduka mcenga, ndipo ndinalemba ndi dzanja langa maina a mabanja olandira cimanga ca njala. Cotero ndapempha malo m'kabuku kano kuti ndifotokoze mbiri ya dziko lenilenilo limene Gawa anagawa: dothi lake, mitengo yake, nyama zake ndi mvula yake. Tikadziwa kumene mabvuto a lero anacokera, tidzadziwanso pamene tingayambire kukonza.

MOTO WA PA KAPHIRINTIWA

Makolo athu anati paciyambi dziko linali louma ndi lopanda moyo. Tsiku lina kumwamba kunatseguka, mvula inagwa, ndipo pamodzi ndi mvulayo anatsika Cauta, mwamuna ndi mkazi atanyamula khasu, licero ndi mtondo, ndiponso nyama za mitundu yonse. Anatera pa thanthwe la Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, mwalawo ukali wofewa, ndipo mapazi ao anatsala pamenepo. Cauta, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Udzu unagwira, chire lonse linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, koma nyama zina zonse zinathawira kutali ndi mkwiyo waukulu. Nanzikambe anakwera mumtengo, ndipo Cauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula kuti kuyambira pamenepo munthu adzafa.

Tiyenera kuona cimene makolo anaika pakati pa nthano imeneyi. Mtendere wa paciyambi unaonongeka ndi luso la munthu mwini, pamene anapeza mphamvu imene sanathe kuilamulira. Ndipo pamene zirombo za Gule Wamkulu zituruka kudambwe ndi kulowa m'bwalo la mudzi, timaona kwa kanthawi kocepa anthu, mizimu ndi nyama atakumananso monga zinaliri pa Kaphirintiwa. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Koma mwana amene aona njobvu kapena kasiyamaliro m'bwalo lero ayenera kuuzidwanso kuti nyama zimene zirombozo zimatikumbutsa zinali kuyenda m'machire a pafupi ndi mudzi wake.

MALAMULO A MAKOLO

Undi atacoka ku Mankhamba, kufupi ndi nyanja ya Malawi, anakakhazikitsa likulu lake ku Mano, m'dziko limene lero ndi cigawo ca Tete ku Mozambique. Kucokera kumeneko anagawira dziko abale ake ndi nduna zake, ndipo iwonso anagawira anyakwawa. Munthu anali kulandira malo kuti alime ndi kudyetsa mbumba yake. Kugulitsa dziko kunali kosadziwika. Mlenje akapha njobvu, mnyanga umene wakhudza pansi unali wa mwini dziko. Zikopa za mkango ndi kambuku zinali kupita kwa mfumu. Uzimba sunali kucitika popanda cilolezo, ndipo chire linali kutenthedwa pa nyengo yake, akulu atanena. Mitengo ya kumanda sinali kudulidwa wamba, ndipo cifukwa ca mwambo umenewu lero, m'madera ambiri, munthu akafuna kuona mitengo yacilengedwe yaikulu amayang'ana kumanda.

Mvula inali ndi malamulo akenso. Ku Msinja kunali kacisi wamkulu wa Makewana, mai wa ana onse, wa pfuko la Abanda. Iye sanali kumeta tsitsi, pakuti anthu anakhulupirira kuti mvula inali yomangika ku tsitsi lakelo. Kukakhala cilala mafumu anali kutumiza nsembe kumeneko, ndipo m'midzi anthu anali kusesa pa tiakacisi tao, kuthira nsembe ya ufa ndi mowa, ndi kuyanjanitsa amene anadana. Ena a ife lero ndife Akhristu, ena Asilamu, ndipo tingasiyane maganizo pa nsembe zimenezi. Koma cinthu cimodzi nciwonekere: makolo anali kuona cilala monga mlandu wa mudzi wonse, umene unafunika kuti aliyense adzifunse za makhalidwe ake.

Ulimi wao unali wa mbeu zosakaniza. Pa nthumbira imodzi panali mapira, nyemba, khobwe ndi maungu. Mawere ndi nzama zinali ndi malo ao. Kudimba kunali ndiwo ndi cimanga ca m'cilimwe. Munda ukatopa unali kusiyidwa tsala zaka zambiri kufikira mitengo itaphukanso, pamene mwini wake anali kutema mphanje pena. Gamitto, Mpwitikizi amene anapyola dziko la Amaravi ndi Acewa mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za midzi yambiri, minda ndi nchito ya zitsulo imene anaona.

Komabe tisadzinamize kuti nthawi ya makolo inalibe bvuto. Ng'anjo zosungunulira citsulo zinali kudya makala ambiri. Njala zinali kugwa, dzombe linali kubwera. Ndipo malonda a minyanga atakula m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, Apwitikizi, Acikunda ndi ena anafika ndi mfuti, nayamba kupha njobvu osalabadira mnyanga wa mwini dziko. Mafumu ena aang'ono anayamba kugulitsa minyanga mwa okha osapyola kwa Undi. Pamenepo ufumu unafooka, ndipo malamulo osunga nyama anafooka pamodzi nao. Ici ndi ciphunzitso coyamba ca mbiri yathu: mphamvu ya mfumu ikagwa, chire limatsala lopanda mbusa.

NKHONDO, MLIRI NDI MALIRE

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo patapita zaka pafupifupi 35 a Mpezeni anadzakhazikika m'dera la Chipata. M'zaka za nkhondo ndi za malonda a akapolo anthu anasiya minda yao yotambalala nakakhala mothinana m'malinga ndi m'mapiri. Kumene anathawako kunamera chire, ndipo kumene anathawirako dothi linalimidwa kosapuma. M'zaka za m'ma 1890 mliri wa rinderpest unapha ng'ombe, njati ndi nyama zina zosawerengeka. Kenaka mu January 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni, nalanda ng'ombe zikwizikwi.

Zimene zinatsatira zinasintha nkhope ya dziko lino koposa nkhondo zonse. Kampani ya North Charterland Exploration inatenga dziko lalikulu masikweya mailosi 10,000, ponena kuti linaperekedwa kwa Mjeremani Carl Wiese ndi Mpezeni. M'dzikolo munali midzi ya Acewa, Ansenga ndi Angoni amene sanafunsidwe kanthu. Msonkho wa nyumba unakakamiza amuna kupita ku Halale ndi ku migodi, ndipo ambiri anakhala macona. Minda inatsala m'manja mwa amai ndi okalamba, amene sakanatha kutema mphanje. Mfuti zinaletsedwa ndipo kusaka kunafuna laisensi. Nyama zitacira ku mliri uja zinacuruka, nguruwe ndi njobvu zinalowa m'minda, ndipo pamodzi ndi nyamazo kashembe anafalikira m'malo amene kale munali ng'ombe. Matenda a kaodzera anapha anthu m'cigwa ca Luangwa. Wolemba mbiri Leroy Vail anafotokoza bwino zinthu izi mu 1977, naonetsa kuti umphawi wa dothi la kum'mawa unapangidwa ndi malamulo a anthu.

Mu 1928 boma la atsamunda linadula malo ochedwa marizevu, ndipo anthu anasamutsidwa m'malo abwino kuti asiyire alimi a Cizungu amene anali kuyembekezeka kudzalima fodya kuzungulira Fort Jameson. Koma mtengo wa fodya unagwa pa nthawi yomweyo, ndipo Azungu ambiri sanabwere konse. Malo olandidwawo anakhala opanda anthu, odzala nyama ndi kashembe, pamene m'marizevu anthu anapanikizana. Tsala linatha, mapiri analimidwa, ndipo madzi a mvula anakumba zigwembe. Mu 1934 boma lomwelo linaletsa Kulamba, kotero kuti mafumu analibenso bwalo lofotokozerana zimene zinali kucitikira dziko.

Zinthu zitafika poipa, boma linagula dziko la North Charterland mu 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Akatswiri a zaulimi monga William Allan anayeza dothi kuti adziwe ciwerengero ca anthu amene malo alionse angathe kudyetsa. Anabweretsanso lamulo la migula yochinga madzi, ndipo wosalima migula anali kulipitsidwa ku khoti. Migulayo inali yothandiza ndithu, koma popeza inabwera ndi kapitao ndi faindi kucokera kwa anthu omwe analanda dziko, makolo athu anaida. Pa nthawi yomenyera ufulu kukana migula kunakhala cizindikiro ca kukana Welensky ndi citaganya cake. Titalandira ufulu mu 1964 ambiri anataya migula pamodzi ndi mtsamunda. Ici ndi ciphunzitso caciwiri: nzeru yabwino ikabwera ndi cikoti, anthu amataya zonse ziwiri.

CIMANGA NDI FETELEZA

Ine ndinakula m'zaka zimene boma lathu latsopano linafuna kuti mlimi wa kumudzi atukuke. Kunabwera mbeu ya SR52, feteleza wotsika mtengo, ngongole za makoparetivu, ndi NAMBOARD imene inakhazikitsidwa mu 1969 kuti igule cimanga pa mtengo umodzi. Pambuyo pake kunadza pulogiramu ya Lima. Sindinganyoze zaka zimenezo, pakuti ndalama za cimanga ndi nshawa za Chalimbana ndizo zinandilipirira sukulu, ndipo nyumba zambiri za malata zinamangidwa pamenepo.

Koma tinalipira mtengo umene sitinauone msanga. Pulawo ya ng'ombe inafuna kuti zitsa zizulidwe, ndipo citsa cikazulidwa mtengo suphukanso. Mapira ndi mawere, mbeu zopirira dzuwa, tinazisiya nkumati ndi zacikale. Munda umodzi unabzalidwa cimanga caka ndi caka, mapesi nkutenthedwa, kufikira dothi linawawasa ndipo kaufiti anafiira m'mizere. Thandizo la feteleza litacotsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alimi anapeza kuti minda yao siingathenso kubereka yokha. Amene analibe ndalama analowera kuchire kukatema malo atsopano, ena anakwera m'mapiri, ena analima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje.

Tikumbukirenso kuti tacuruka. Kalembera wa 1969 anapeza anthu 4 miliyoni m'Zambia monse. Wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni, ndipo oposa 2.4 miliyoni mwa iwo ali m'cigawo cino. Ana ndi dalitso, koma dziko limene Gawa anagawa silinakule ndi phazi limodzi lomwe.

NYAMA ZINATHA BWANJI

Cigwa ca Luangwa cinasungidwa monga malo a nyama mu 1938, ndipo mu 1972 South Luangwa, North Luangwa ndi Lukusuzi anakhala mapaki a dziko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 m'cigwamo munali njobvu zoposa 80,000 ndi zipembere zikwi zingapo. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 umphawi unakula, boma linasowa ndalama zolipira alonda okwanira, pamene kunja mtengo wa minyanga ndi nyanga za cipembere unakwera. Magulu a mfuti zankhondo analowa m'chire. Pofika mu 1989, pamene maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga, njobvu zotsala sizinafike ndi theka lomwe. Cipembere cinatheratu, ndipo mu 1998 cinalengezedwa kuti kulibenso m'Zambia. Zimene ziri ku North Luangwa lero zinayamba kubwera pa ndege kucokera ku South Africa mu 2003. Taganizani, alendo olemekezeka: nyama imene agogo athu anali kuiopa panjira ya kumunda inacita kubwereka kwa eni ake ena.

Kumidzi nako nyama zazing'ono zinatha mwakacetecete. Ndiri mnyamata, gwape, insa ndi kalulu zinali kupezeka kuseri kwa minda, nkhanga zinali kudzuka m'magulu, ndipo usiku fisi anali kulira pafupi ndi khola. Misampha ya waya, agalu ndi moto wosakira mbewa zinamaliza zimene khasu linasiya. Adzukulu anga amadziwa kalulu wa m'nthano, koma wamoyo sanamuonepo.

Sindiiwala kuti kukhala pafupi ndi nyama nkowawa. Mu 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, ndipo kuyambira pamenepo abale athu a m'malire, mbali ya Malawi ndi mbali ya Zambia, alira minda yodyedwa, nkhokwe zopasulidwa ndi maliro. Munthu amene munda wake wathera usiku umodzi sungamuuze za ubwino wa njobvu. Norman Carr anazindikira ici kale mu 1950, pamene anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ndalama za alendo oona nyama zizipita kwa eni dziko. Makolo anali ndi lamulo la mnyanga wa pansi. Lero lifunika lamulo loti wokhala ndi nyama alandireko phindu lake ndi cipepeso pa zimene zaonongeka.

MITENGO, MITSINJE NDI ZINYALALA

Aliyense amene wabwera kuno pa mseu wa Great East waona matumba a malasha ataima m'mbali mwa mseu kuyambira ku Luangwa Bridge, kupyola Nyimba, Petauke ndi Sinda. Kafukufuku wa nkhalango amene boma linacita mu 2008 anayerekeza kuti Zambia inali kutaya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pa caka. Kutsegula minda ndiko kumadya yambiri. Malasha, kuocha njerwa, zigafa ndi mabani a fodya zimatsatira. Mlombwa ndi mbawa zinapita kwa oceka matabwa. M'zaka za m'ma 2010 kunabuka malonda a mukula wopita ku China, ndipo mitengo imene inakula zaka zambirimbiri inatha m'nyengo zowerengeka, kufikira mu 2019 pamene mtengowu unaikidwa pa mndandanda wa maiko wa mitengo yoyenera kuchinjirizidwa.

Woocha malasha ndi mwana wathu yemwe, wofuna ndalama ya sopo ndi ya sukulu, ndipo wogula ndi ife a m'tauni. Koma tiyenera kudziwa cimene cimapita pamodzi ndi mtengo. Mizu ndi masamba ogwa ndizo zimagwira madzi a mvula kuti alowe pansi pang'onopang'ono ndi kuturukira m'madambo m'cilimwe. Phiri likameteka, madzi amathamanga tsiku limodzi, nakokolola dothi ndi kukwirira maiwe ndi mcenga. Mtsinje wa kwathu unali ndi dziwe limene tinali kuwedzamo milamba mwezi wa October. Lero amai amafukula mcenga mu July kuti apeze madzi. Bowa wa m'miombo samera popanda mitengo yake. Mphalabungu, uci, masuku, maula, mateme, luzi ndi mankhwala a asing'anga, zonsezi zimacoka tsiku limene nkhwangwa yalowa.

Kwabweranso uve wa mtundu umene makolo sanaudziwe. Dzala lakale linali la phulusa ndi makoko, ndipo patapita caka linali kumera maungu. Dzala la lero ndi la mapulasitiki amene saola, amene amatseka ngalande ndi kupha mbuzi ndi ng'ombe zikawameza. Boma linaletsa timatumba topyapyala mu 2018, koma yang'anani pansi pamene mwaima mawa mwambo uno utatha. Mankhwala a thonje ndi a udzu amatsukidwira m'mitsinje, mabotolo ake amasanduka motungira madzi, ndipo ena amathira dala mankhwalawo m'maiwe kuti aphe nsomba. Ana athu amene anapita ku migodi akumana ndi zoposa izi. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu umene unatsala m'dothi ukali kudwalitsa ana a kumeneko, ndipo mu February 2025 damu la zonyansa za mgodi linaphulika ku Chambishi ndi kuthira asidi m'madzi opita mu Kafue.

NJALA ZITATU

Amai anga anali kusimba za njala ya 1949. Mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo ku Nyasaland anthu ambiri anafa. Kwathu anapulumuka ndi chire: anakumba mipama, anatola zipatso, anasaka nyama, ndipo amene anali ndi mapira anakololako pang'ono. Nkhalango inali nkhokwe yaciwiri ya mudzi.

Njala ya 1992 ndinaiona ndekha ndiri pa nchito. Cimanga cinauma cisanamasule bwino, ng'ombe zinagwa, ndipo dziko linadya cimanga cacikasu cocokera kutsidya la nyanja. Ndinakhala pa tebulo pansi pa mtengo masiku ambiri ndikulemba maina, anthu ali pa mzere kuyambira m'bandakuca. Cimene sindiiwala ndi ici: midzi imene inali pafupi ndi nkhalango ndi madambo amoyo inali kubwera mocedwa kudzapempha, pakuti inali ndi madimba, masuku ndi bowa, pamene midzi ya m'malo ometeka inafika poyamba, ana atatupa kale mapazi.

Njala yacitatu ndi ya dzana lomweli. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Madzi a ku Kariba anatsika kotero kuti magetsi anali kuzima tsiku pafupifupi lonse, ndipo a m'tauni onse anatembenukira ku mbaula. Motero cilala cinabala malasha ambiri, ndipo malashawo anadula mitengo imene ikanatithandiza pa cilala cotsatira. Nthawi ino nkhokwe yaciwiri ija m'madera ambiri inapezeka yopanda kanthu.

Cilala si cacilendo m'dziko lino, koma akulu onse abvomereza kuti nyengo yasokonezeka. Mvula imene inali kuyamba kumapeto kwa October kapena mu November tsopano imacedwa, imadula mu January, kapena imagwa ya mwezi wonse pa masiku awiri. Abale athu a ku Malawi ndi ku Mozambique anaona namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, amene anapha anthu oposa 600 ku Malawi kokha. Mbozi yacilendo yodya cimanga inalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016 ndipo sinacokenso. Akatswiri amafotokoza kuti utsi wa malasha a pansi, mafuta ndi gasi, umene maiko a mafakitale akhala akutentha kwa zaka zoposa 150, wakuta dziko ngati bulangeti losunga kutentha, ndipo caka ca 2024 ndico cinali cotentha koposa zaka zonse zolembedwa. Africa yense amaturutsa gawo locepa kwambiri la utsi umenewu, losafika 4 pa 100 alionse. Pamenepa nkhuyu zodya ena zapota ife, ndipo atsogoleri athu ali ndi cifukwa cokwanira cofunsira maiko olemera kuti asunge malonjezo a pangano la ku Paris la 2015. Koma amene anameta phiri la kwathu sanacokere ku Ulaya. Kutentha kwa dziko lonse sitingakuletse tokha; mthunzi wa pa mtsinje wathu uli m'manja mwathu.

ZIMENE ZAYAMBA KUPHUKA

Madzi saiwala khwawa, ndipo citsa ca muombo cikasiyidwa cimaphuka. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa tsala la mitengo yobwezera conde monga jerejere ndi gliricidia, ndipo alimi amene anatsatira anaona cimanga cikubereka pa dothi limene linali litafa. Msangu, umene umayoyola masamba m'dzinja ndi kusiya cimanga cikule pansi pake, agogo athu anali kuudziwa kale. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, lalandira mfuti ndi misampha yambirimbiri kucokera kwa alenje amene anasankha ulimi ndi njuci, ndipo limawagula mbeu zao. Lamulo la Nkhalango la 2015 limalola mudzi, mogwirizana ndi mfumu yake, kulembetsa nkhalango yake ndi kuiyang'anira wokha. Lamulo limeneli labwezera m'manja mwa eni dziko mphamvu imene inacotsedwa m'masiku a North Charterland, ndipo zingakhale zamanyazi ngati ife tilephera kuigwiritsa nchito.

Malemu Kalonga Gawa Undi X anautsa Kulamba mu 1984, patapita zaka 50 ataletsedwa, ndipo Kalonga Gawa Undi XI, amene analowa ufumu mu 2004, waukulitsa kufikira pamene tiri lero. Ambiri anali kuganiza kuti mwambo umene wagona zaka 50 sungadzukenso, koma taonani khamu liri pano. Nkhalango ya miombo ikachinjirizidwa ku moto ndi nkhwangwa imayamba kubwerera pa zaka zocepa kuposa pamenepo.

Cotero, ndi ulemu wonse wa mwana wa m'mudzi, ndipempha zinthu zowerengeka. Mafumu athu akamabwera kudzalamba, pa mau ao a caka pakhalenso mau a nkhalango: mapiri angati asungidwa, mitsinje ingati yasiyidwa mpata wosalimidwa m'mphepete, ndi midzi ingati yalembetsa nkhalango yake. Anyakwawa abwezere lamulo la moto, kuti chire lisatenthedwe ndi mwana aliyense wofuna mbewa. Manda ndi madambwe asalowedwe ndi khasu kapena macaka, pakuti m'menemo ndimo mwatsala mbeu za mitengo yathu. Anamkungwi ndi akulu a kudambwe aphunzitse anamwali maina a mitengo ndi nchito zake monga gawo la mwambo. Amai, amene ali eni mbumba ndi osunga mbeu, asataye mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Ndipo ife a m'tauni, amene tabwera pa magalimoto, tisabwerere ndi matumba a malasha pamwamba tikudandaula kuti kumudzi kwatha mitengo.

Mau a akulu akoma akagonera. Makolo anatisiyira nthano ya munthu amene anayatsa moto ndi kuthamangitsa nyama ndi Cauta yemwe, ndipo ife tinali kuimva ngati nkhani yogonetsa ana. Mbadwo wathu waona ndi maso cimene nthanoyo inali kunena. Dziko ili tinalilandira kwa Gawa kupyolera mwa amai athu ndi atsibweni athu, ndipo adzukulu athu adzabwera pano pa Mkaika kudzalamba ife titapita. Tiwasiyire mau abwino oti adzanene pa tsikulo.

Muyende bwino pobwerera kwanu, ndipo Cauta atipatse mvula yabwino caka cino.

Yooo Gawa!